Ma rimu atsopano koma matayala awiri akuphwa usiku uliwonse, kodi vuto ndi mavalavu?

Mavuto
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yatha ndinagula ma rimu a magi (a aluminiyamu) a mainchesi 17 kuti ndichotse achitsulo amene galimoto inabwera nawo. Ma rimuwo anabwera opanda mavalavu, mabowo okhaokha. Ndinagula mavalavu achitsulo omanga ndi nati, poona kuti a labala akuda aja sangaoneke bwino pa rimu yowala chonchi. Ndinawamanga ndekha kunyumba, kenako ndinapita kokaveketsa matayala. Matayala onse anayi ndi atsopano. Tinapopa 2.3 bar lililonse. Kutacha, lakutsogolo kumanja linali pa 1.6, lakumbuyo kumanzere pa 1.9. Awiri enawo ali bwinobwino. Ndapopanso katatu koma nkhani ndi yomweyo. Msomali palibe, ndazungulira tayala lonse ndi tochi. Ndalakwitsa pati? Kapena rimu ndi yong'aluka? Mtima suli m'malo chifukwa galimotoyi ndi imene ndimanyamulira ana m'mawa uliwonse.

Yamikani
Musanaganize za rimu yong'aluka achimwene, tengani madzi a sopo muthire pa valavu. Malo atatu: kukamwa kwake mutachotsa kachivindikiro, pa nati, ndi pozungulira pamene valavu yakhudzana ndi rimu. Thovu likatuluka mutiuze latuluka pati.

Mavuto
Ndinathira dzulo, sindinaone kanthu.

Bambo a Tadala
Munadikira nthawi yaitali bwanji? Tayala lotaya 0.4 bar usiku wonse silitulutsa thovu lalikulu ngati la msomali ayi. Limatulutsa tithovu ting'onoting'ono toyera, timene timaunjikana pang'onopang'ono ngati malovu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotsani tayalalo pa galimoto, muligoneke pansi valavu ikuyang'ana kumwamba, sopo akhale wambiri m'madzimo, ndipo mudikire mphindi zisanu osachokapo. Mukatero mugwedeze valavuyo pang'ono ndi chala uku ndi uku. Nthawi zambiri mpweya umaonekera pogwedezapo, chifukwa galimoto ikamayenda valavu siikhala chete.

Ndili ndi mafunso ena. Bowo la rimu munaliyeza musanagule mavalavu? M'paketimo munali timalabala tingati pa valavu iliyonse? Ndipo nati munamanga ndi chiyani?

Mavuto
Bowo sindinayeze bambo, ndimaganiza kuti onse ndi ofanana. Timalabala tinali tiwiri pa valavu iliyonse, kakang'ono ndi kakakulu. Kakakulu sikanalowe ndiye ndinaika kakang'ono. Nati ndinamanga ndi sipanala mpaka inakana kuzungulira, kuopa kuti ingamasuke pa msewu.

Bambo a Tadala
Mawu omalizawo ndi amene andikhudza. "Mpaka inakana kuzungulira." Tibwererako.

Poyamba za mabowo, chifukwa pali ena pano amene akufuna kugula ma rimu ndipo ayenera kumva zimenezi. Mabowo a valavu safanana onse. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri bowo ndi la mamilimita 11.3, limene pa mapaketi ena amalemba kuti 0.453 inch. Pali lina lalikulu la 0.625 inch, pafupifupi mamilimita 16, lopezeka kwambiri pa ma rimu achitsulo a magalimoto onyamula katundu, ngolo zokoka ndi magalimoto ena akale. Palinso laling'ono la mamilimita 8.3, lodziwika pa njinga zamoto, koma ma rimu ena a magi ogula padera amabweranso nalo. Timalabala tiwiri munatipeza m'paketimo ndi ta mabowo awiri oyambawo: valavu imodzi, mumasankha kalabala kogwirizana ndi bowo lanu. Ngati kakang'ono kanalowa mothina bwino, ndiye kuti bowo lanu ndi la 11.3 ndipo pamenepo simunalakwitse.

Tsopano nati. Chimene chimatseka mpweya pa valavu yachitsulo si nati, ndi kalabala kaja. Ntchito ya nati ndi kukafinya pang'ono chabe kuti kadzaze mpata wa pakati pa valavu ndi rimu. Mukapitirira, kalabalako kamaphwanyika, kamatulukira m'mbali, kapena m'mphepete mwa bowo mumakadula ngati mpeni. Mavalavu ambiri a mtundu umenewu amafuna 3 mpaka 5 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira nati). Yerekezani ndi manati a tayala amene pa magalimoto ambiri timamanga pa 100 kapena 120 Nm. Ndiye 4 Nm ndi mphamvu ya zala ziwiri pa sipanala yaifupi. Munthu wamkulu akamanga mpaka nati kukana, wapitirira kale kangapo konse.

Kondwani
Ine ndanena kambirimbiri pagulu pano kuti mavalavu achitsulo pa galimoto wamba ndi kudzisautsa. Valavu ya labala ya TR413 imalowa pa bowo la 11.3, ilibe nati, ilibe washala, palibe chomanga kapena chomasuka. Mumaikoka, imati thaphu, yakhala. Zaka zonse ndakhala ndikuyenda ndi za labala sindinadzukepo n'kupeza tayala litaphwa chifukwa cha valavu yatsopano. A Mavuto, chotsani zitsulozo muike za labala mugone tulo.

Yamikani
Si rimu iliyonse imalola zimenezo a Kondwani. Valavu ya labala ili ndi kampata kozungulira kamene m'mphepete mwa bowo mumayenera kulowa. Kampatako kanapangidwira chitsulo chopyapyala, chosapitirira mamilimita 4 kapena pamenepo. Ma rimu a magi ambiri amakumbidwa pozungulira bowo kuti pakhale popyapyala, ndiye ya labala imakhala bwino. Koma pali ena amene pabowopo ndi pochindikala, anapangidwira valavu yomanga ndi nati basi. Mukakakamiza ya labala pamenepo imaoneka ngati yalowa koma siinatseke. Wogulitsa rimu kapena pepala lobwera nalo ndi amene amanena mtundu woyenera.

Kondwani
Chabwino, pamenepo ndavomera. Koma ngati rimu ikulola zonse ziwiri, phindu la yachitsulo n'chiyani kupatula kukongola?

Bambo a Tadala
Phindu lilipo pa zinthu ziwiri, ngakhale a Mavuto mwina sizikuwakhudza. Choyamba ndi kuchuluka kwa mpweya. Valavu ya labala wamba malire ake ndi 65 psi, kapena kuti 4.5 bar. Galimoto yaing'ono yoyenda pa 2.3 ili kutali ndi malirewo, koma vani kapena pikapu yonyamula katundu wolemera ikhoza kufika pamenepo kapena kupitirira, ndiye imafuna yachitsulo kapena za labala zolimbitsidwa ngati TR600HP. Chachiwiri ndi liwiro. Tayala likamazungulira, chilichonse chimene chili pa rimu chimakankhidwira kunja. Valavu ya labala imapindika ndi mphamvu imeneyo, makamaka ikakhala yaitali kapena yopendekeka. N'chifukwa chake za labala amaziikira malire a 210 km/h, ndipo magalimoto a mpikisano amaika zachitsulo. Kunja kwa ziwirizi, ndikugwirizana ndi a Kondwani kuti ya labala yabwino imakwana. Koma yachitsulo yomangidwa bwino ilibenso vuto. A Mavuto anagula kale, palibe chifukwa chotayira.

Dalitso
Achimwene, osavutika. Pakani silikoni pozungulira valavu kunjaku, muume, basi. Ine ndinatero pa tayala langa ndipo linasiya kuphwa.

Anaphiri
Chonde a Mavuto musatero. Pepani a Dalitso, sindikukunyozani, koma izi ndinaziona ndi maso anga. Mchimwene wanga anamata valavu yong'aluka ndi guluu, inagwira masabata angapo, kenako tsiku lina tili pa msewu waukulu valavu yonse inaduka pa tsinde. Mpweya unatha nthawi yomweyo, tayala lakutsogolo, m'galimoto muli anthu asanu. Tinapulumuka chifukwa kutsogolo kunalibe galimoto ina. Kumata kunja kumabisa chizindikiro koma labala ikupitirirabe kung'ambika m'kati. A Mavuto anena kuti amanyamula ana. Tayalalo litsike, aone chimene chachitika.

Dalitso
Ndamva mayi. Langa linali lakumbuyo ndiye sindinaganize zambiri. Ndikasinthitsa Loweruka.

Mavuto
Ndachita monga ananenera bambo a Tadala. Lakutsogolo lija thovu likutuluka pansi pa washala, ndikagwedeza valavu likuchuluka. Ndikuonanso kachidutswa ka labala kakusuzumira m'mbali mwa washala. Lakumbuyo ndinadikira nthawi yaitali, koma nalonso pamapeto pake tithovu tating'ono tinaunjikana pomwepo, mbali imodzi yokha. Kukamwa kwa valavu kulibe kanthu pa onse awiri. Ndiye nditani, ndimasule nati pang'ono?

Bambo a Tadala
Ayi, kumasula tsopano sikuthandiza. Labala ikaphwanyika siibwerera. Ndipo musamasule nati tayala lili ndi mpweya. Mukufunika timalabala tatsopano, ndipo ine ndikanasintha tonse tinayi, chifukwa dzanja limene linamanga awiriwa ndi lomwe linamanga enawo. Lero akugwira, koma labala yofinyidwa mopitirira imadzang'ambika ikatenthedwa ndi mabuleki.

Nkhani yabwino ndi yakuti tayala silifunika kuvulidwa lonse. Amachotsa kapini ka m'kati kuti mpweya uthe, amaphwetsa mkombero wa tayala mbali yakunja yokha, n'kuukankhira pansi pafupi ndi valavu kuti dzanja lilowe. Ikani chizindikiro ndi choko pa tayala moyang'anizana ndi valavu musanayambe, kuti likapanda kusuntha balansi isasokonekere.

Valavu ikachoka, musafulumire kuika ina. Lowetsani chala m'bowo muzungulire, m'kati ndi kunja komwe. Lakumbuyo lija likundikayikitsa, chifukwa mwati thovu likutuluka mbali imodzi yokha. Ma rimu ogula padera amapentedwa bowo litaboodwa kale, ndiye penti imatha kuunjikana m'mphepete, kapena kudontha n'kuuma ngati kanjere pamalo pomwe labala iyenera kugona. Nthawi zina pamatsala kachitsulo kakuthwa kochokera poboola. Labala siingatseke pamalo a mabampu. Mukapeza zotere, palani mofatsa ndi sandipepa yosalala, pongochotsa chotupacho. Musakulitse bowo, ndipo musalowetsemo dirilo. Mukafika pa aluminiyamu weniweni, pakanipo penti pang'ono iume, kuti madzi asadzayambitse kudyeka pansi pa labala.

Poika, onani mmene kalabalako kapangidwira. Kali ndi mbali yotakata ndi khosi lopyapyala. Khosilo ndi limene limalowa m'bowo, mbali yotakata imagona pa rimu kumbali imene kuli tsinde lotakata la valavu. Pa mavalavu ambiri valavu imalowera m'kati mwa rimu kutulukira kunja, kenako washala ndi nati kunja. Koma pali ena, makamaka obwera ndi ma rimu a magi, amene amalowera kunja ndipo manati amakhala m'kati mwa tayala, nthawi zambiri awiri, yachiwiri yotsekera yoyamba. Amenewo ndi ofunika kusamala kwambiri chifukwa tayala likavalidwa simungawafikenso. Gwirani valavu isazungulire pamene mukumanga, chifukwa ikazungulira imapotokola labala. Mumange ndi zala mpaka nati ikhudze, kenako torque wrench yaing'ono (sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imene imalira ikafika pa muyeso) pa nambala yolembedwa pa paketi.

Mavuto
Torque wrench yaing'ono choncho ndilibe. Yanga imayambira pa 40 Nm.

Yamikani
Imeneyo iiwaleni. Okonza njinga zakapalasa zamakono amakhala ndi yoyambira 2 Nm, mukhoza kubwereka. Malo oveka matayala amene amagwira magalimoto a masensa oyeza mpweya m'matayala amakhalanso nayo. Funsani musanapereke rimu, ndipo muime pomwepo muone akuigwiritsa ntchito.

Chisomo
Pepani ndilowererepo, safunsa anadya phula. Ine ndasankha za labala pa ma rimu anga amene afika dzulo, matayala sanavalidwe. Ndingaike ndekha? Ndayesa kukankha ndi chala koma sikulowa, ndimafuna ndipake girizi.

Kondwani
Girizi ayi achemwali, oilo ayinso. Mafuta ochokera ku petulo amafewetsa labala, imatupa kenako imawola. Pakani madzi a sopo kapena phala loyera limene amapaka poveka matayala. Valavu ilowere m'kati mwa rimu, mutu wake wa mazinga utulukire kunja. Pali kachida kokokera mavalavu, kamamangidwa pa mazinga a kachivindikiro, kenako mumatsamira pa rimu n'kukoka. Pa rimu ya magi ikani kansalu kopinda kapena kathabwa pamene chidacho chikutsamira kuti penti isakalike. Kokani molunjika ndi bowo, osati chammbali, mpaka mzere wotukuka wa labala uja utulukire kunja kuzungulira konse. Mukatero siyani, musapitirize kukoka. Yang'anani m'kati, tsinde lonenepa lija likhale litagona pa rimu mofanana mbali zonse.

Musakoke ndi pulayazi. Imaphwanya mazinga, ndipo ikaterereka imang'amba labala kapena kukala rimu.

Chisomo
Zikomo. Kutalika kwake nanga? Ndapatsidwa zolembedwa TR414.

Kondwani
TR412, TR413, TR414 ndi TR418 zonse ndi za bowo la 11.3, zimasiyana kutalika kokha. TR413 imatuluka inchi imodzi ndi kota, TR414 inchi ndi theka, TR418 mainchesi awiri, TR412 ndi yaifupi kuposa zonsezi. Zazitali zinapangidwira ma rimu achitsulo okhala ndi chivindikiro cha pulasitiki, kuti valavu itulukire. Pa magi sankhani yaifupi imene mlomo wa pampu ungaigwirebe bwino. Ikani imodzi muone: isapitirire m'mphepete mwa rimu, chifukwa mukakhula m'mbali mwa msewu poimika galimoto, yoyamba kudulidwa ndi iyo. Ya bowo lalikulu lija ndi TR415, imeneyo siingalowe pa yanu.

Yamikani
Ndiwonjezere za tizivindikiro, poti anthu akagula magi amathamangira tokongola tachitsulo tolemera, ta zigaza, ta madayisi ndi tina. Pa rimu ya mainchesi 17 galimoto ikuyenda 100 km/h, chinthu chimene chili pamalo a valavu chimakankhidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 100. Kachivindikiro ka magalamu 10 kamakoka ngati kilogalamu yathunthu ndi kuposera, pansonga penipeni pa labala, ulendo wonse. Pa valavu ya labala ikani kapulasitiki kopepuka kokhala ndi kalabala m'kati. Ndipo kachivindikiro si chokongoletsera chabe, kamatchinga fumbi ndi madzi kuti zisalowe pa kapini.

Anaphiri
Popeza nkhani ya ma rimu yatseguka, inenso ndili ndi yanga. Chisinthireni ma rimu mwezi wathawu, pa dashibodi payaka kanyali kachikasu kooneka ngati mphika wokhala ndi chizindikiro chofuulira pakati. Kamayamba kuphethira kwa mphindi imodzi kenako kamangoyaka. Mpweya ndayeza uli bwino. Oveka matayala anaika mavalavu a labala atsopano, ma rimu akale ali kunyumba ndi mavalavu ake.

Bambo a Tadala
Mayi, masensa anu atsala m'ma rimu akalewo. Galimoto yanu ili ndi TPMS, imene imayeza mpweya wa tayala lililonse. Pa mtundu umene muli nawowo, sensa ndi kabokosi komangiriridwa kutsinde kwa valavu, m'kati mwa tayala, ndipo kamatumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto. Kanyali kakangoyaka, ndiye kuti tayala lina lachepa mpweya. Kakayamba ndi kuphethira monga mwaneneramo, ndiye kuti galimoto sikumva masensa ake. Ku America magalimoto onse atsopano ang'onoang'ono akhala akubwera ndi TPMS kuyambira 2007, ku Ulaya kuyambira 2014, ndiye magalimoto ambiri a zaka zimenezi kupita mtsogolo ali nayo. Ena alibe sensa m'tayala, amawerengera kuzungulira kwa matayala kudzera mu ABS ya mabuleki, ndipo amenewo valavu iliyonse imagwira, mumangochita reset mukapopa.

Yang'anani m'kati mwa ma rimu akalewo, mupeza timabokosi. Tikhoza kusamutsidwira pa atsopano ngati bowo ndi la 11.3 ndipo m'kati mwa rimu muli malo oti kabokosi kagone osakhudza chitsulo kapena kutchinga mkombero wa tayala. Si rimu iliyonse yogula padera imalola, makamaka ya bowo la 8.3 kapena imene valavu yake ili pakati pa mimba ya rimu. Posamutsa musagwiritsenso ntchito kalabala, washala, nati ndi kapini zakale. Zimagulitsidwa pamodzi m'kapaketi kogwirizana ndi sensa yanu, ndipo nati yake ili ndi nambala yakeyake yomangira, imasiyana malinga ndi wopanga.

Ganiziraninso zaka za galimoto. Batire la sensa ndi lomatidwa m'kati, silisinthidwa, ndipo limakhala zaka 5 mpaka 10. Ngati masensa akalamba, ndi bwino kuika atsopano panopa kusiyana n'kudzavulanso matayala chaka chamawa. Mukagula atsopano onetsetsani kuti ndi a galimoto yanu, chifukwa ena amatumiza uthenga pa 315 MHz ena pa 433 MHz, ndipo pamagalimoto ambiri amafunika kulembetsedwa mu kompyuta ndi makina.

Anaphiri
Ndakayang'ana, timabokosi tilimodi, ndipo mavalavu ake ndi otuwa ngati aluminiyamu. Kamodzi kachivindikiro kake kachitsulo kakanirira, sikakumasuka.

Yamikani
Musakakamize mayi, valavu ya aluminiyamu imathyoka msanga ndipo pa masensa ena valavu ndi sensa ndi chinthu chimodzi. Chachitika n'chakuti zitsulo ziwiri zosiyana, mkuwa ndi aluminiyamu, zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu imadyeka ndipo zimamatirirana. N'chifukwa chake pa valavu ya aluminiyamu timaika kachivindikiro ka pulasitiki kokha. Kapini ka m'kati nakonso kakhale kokutidwa ndi nickel, kooneka ngati siliva, osati kachikasu ka mkuwa. Kachikasu kakalowa mmenemo, pakapita chaka kapena ziwiri sikatulukanso. Donthezani mafuta omasulira dzimbiri pa mazinga okha, mudikire, gwirani valavu ndi chida china kuti isapotoke, kenako muyese pang'onopang'ono. Kalabala kake musinthabe, ndiye mafuta akakakhudza si nkhani.

Ndipo uzani woveka matayala kuti muli masensa asanayambe. Chophwetsera mkombero chikatsikira pomwe pali sensa, kabokosiko kamasweka.

Kondwani
A Mavuto, inu kanyali kameneka sikanayake?

Mavuto
Ayi, yanga ilibe zimenezo, mavalavu akale anali a labala wamba opanda kanthu kumbuyo.

Ndabwerako kwa oveka matayala, ndikuuzeni zimene tapeza. Bambo a Tadala munalasa. Lakutsogolo kalabala kanali katang'ambika pafupifupi theka, khosi lake litadulidwa ndi m'mphepete mwa bowo. Lakumbuyo kalabala kanali kophwatalala koma kosang'ambika, ndipo nditalowetsa chala m'kati ndinamva kanjere ka penti kouma, kakang'ono ngati mutu wa machesi, pomwe labala imagona. Tinapala ndi sandipepa, tinapaka penti pang'ono n'kudikira. Awiri amene sankaphwa aja nawonso timalabala tawo tinali titatulukira m'mbali, kamodzi katayamba kale mng'alu. Zinandiopsa kuona zimenezo, chifukwa ndikanangokonza awiri okha ndikanakhala ndikuyenda ndi ana pa valavu yotsala pang'ono kutaya. Tasintha tonse tinayi. Paketi yatsopano inalemba 4 Nm ndipo ndinabwereka torque wrench yaing'ono monga ananenera a Yamikani. Ndinadabwa mmene inalirira msanga, dzanja limafuna kupitiriza.

Funso limodzi: mnyamata woveka uja anafuna kupopa mpaka 60 psi kuti mkombero ukhale msanga, ndinamuletsa chifukwa ndinachita mantha. Ndinalakwa?

Bambo a Tadala
Simunalakwe. Pokhazika mkombero wa tayala la galimoto yaing'ono sapitirira 40 psi. Ukakana kukhala pamenepo, amatulutsa mpweya, amapakanso phala, n'kuyambiranso. Kukakamiza ndi mpweya wambiri kukhoza kudula waya wa mkombero tayala n'kuphulika, ndipo amene amavulala ndi amene waweramirapo.

Anachitanso balansi? Ndipo kapini anamanga bwanji? Nako kamafuna mphamvu yochepa kwambiri, yosafika ngakhale 1 Nm, kungokhudza n'kuwonjezera pang'ono.

Mavuto
Balansi tinayesa onse anayi pa makina, atatu anali bwino chifukwa cha choko chija, limodzi anawonjezera magalamu 5. Kapini anamanga ndi kachida kake, ndinathira sopo kukamwa ndi pa washala, onse anayi, ndinadikira mphindi khumi. Palibe thovu.

Chisomo
Inenso zanga zalowa zonse zinayi ndi madzi a sopo, ndinasinthitsa n'kutenga TR413. Pa matayala atsopano ndaona kadontho kachikasu m'mbali, mnzanga akuti kamayenera kuyang'anizana ndi valavu. Ndi zoona?

Yamikani
Ndi zoona. Kadontho kachikasu kamasonyeza pamene tayala lapepuka kwambiri, ndipo pa rimu mbali ya valavu ndi imene kawirikawiri imalemerako, makamaka ngati pali yachitsulo kapena sensa. Mukaziyang'anitsa, zitsulo za balansi zimafunika zochepa. Ngati palinso kadontho kofiira ndipo rimu ili ndi chizindikiro chake cha pamalo otsika, kofiirako ndi kamene kamatsogola, kayang'anizane ndi chizindikirocho. Balansi ichitike valavu ili kale pamalo pake.

Chinanso musanatsitse jeke: zunguzani tayala ndi manja muone kuti valavu sikukhudza buleki. Pa ma rimu amene valavu ili m'kati kuseri kwa masipoko zimachitika, ndipo amenewo amafuna valavu yaifupi kwambiri kapena yopindika.

Dalitso
Ndasinthitsa yanga ija lero. Titachotsa silikoni, labala inali ndi ming'alu kuzungulira tsinde lonse, woveka anangoipinda ndi chala n'kuduka. Ndasinthiratu ndi ya tayala la sipeya, inali ya zaka zomwezo.

Kondwani
Mwachita bwino kukumbukira sipeya. Labala imakalamba ndi dzuwa ndi kutentha ngakhale galimoto isakuyenda. Ine tayala likamasinthidwa, valavu ya labala imapita nalo limodzi, ndipo pa yachitsulo kalabala ndi kapini.

Mavuto
Patha masiku anayi. Ndikuyeza m'mawa uliwonse galimoto isanayende, ndi geji imodzi yomweyo. Onse anayi ali pa 2.3. Lachitatu kunazizira kwambiri, onse anatsika pang'ono mofanana, masana anabwerera.

Bambo a Tadala
Kutsika mofanana onse anayi ndi kuzizira chabe, mpweya umatsika pafupifupi 0.1 bar kukazizira ndi madigiri 10. Likatsika limodzi lokha ndiye mubwerenso ndi sopo. Pakatha milungu iwiri muikenso torque wrench ija pa manati a mavalavu, pa 4 Nm yomweyo, chifukwa labala yatsopano imakhazikika pang'ono ikatenthedwa. Ikalira osazungulira, isiyeni choncho.

Anaphiri
Kachivindikiro kaja kamasuka usiku wathawu nditadontheza kawiri. Mazinga a valavu ali ndi ufa woyera koma sanadyeke kwambiri. Masensa ndi a 2016, ndiye ndaganiza zogula anayi atsopano. A Yamikani, kuti ndidziwe ngati yanga ndi ya 315 kapena 433 ndiyang'ane pati?

Yamikani
Pa kabokosi komweko mayi, pukutani fumbi muwerenge. Pamalembedwa MHz pamodzi ndi nambala ya sensa. Jambulani zonse ziwiri mupite nazo pogula, ndipo mutenge rimu imodzi yatsopano kuti muyeserere ngati kabokosi kakugona bwino matayala asanavulidwe.